Ndilowe nawo mpikisano wa pinball, kapena ndingoonerera?

Funso: Ndagula tikiti ya masiku awiri ya chionetsero cha makina akale a arcade ndi pinball. Ndili wamng'ono ndinkakonda magemu oponyamo ndalama yachitsulo, koma pinball, gemu yomenya kampira kachitsulo pa bwalo lopendekeka la pansi pa galasi, ndinangoilawa apo ndi apo. Pa ndandanda alemba kuti kukakhala mipikisano. Kodi munthu ngati ine ndingalembetse nawo, kapena ndikangochita manyazi pakati pa akadaulo? Nanga masiku awiriwo ndiwagawe bwanji?

Yankho: Lembetsani, ndipo ngati kalembera watsegulidwa kale lembetsani lero lomwe, chifukwa mipikisano yambiri ya pa zionetsero imalandira anthu owerengeka ndipo malo amatha chionetsero chisanayambe. Muonetsetsenso zimene tikiti yanu ikulipirira. Kawirikawiri tikiti ya pakhomo imakulolani kusewera makina onse a m'holo popanda kuponyamo kanthu, koma mpikisano umakhala ndi malipiro akeake.

Za manyazi musade nazo nkhawa. Pa mpikisano wa pinball palibe amene amakhala akuyang'ana inu, aliyense mtima uli pa mpira wake wotsatira. Ndipo palibe kadaulo amene sanaonepo mpira wake ukutsika molunjika pakati pa ma flipper awiri, timikono ta kumunsi kwa bwalo timene timamenya mpira mukadina mabatani, asanaukhudze n'komwe. Chimene chingakuonongereni tsiku si kuchepa kwa luso ayi, koma kulowa mtundu wa mpikisano umene sukuyenerani, ndiponso kusadziwa malamulo ochepa amene amamupatsa munthu ziro.

Mipikisano ili m'mitundu ingapo, ndipo mtundu wake umalembedwa pa ndandanda. Umene ndingakulangizeni ndi wa match play wa m'magulu. Amakuikani anthu anayi pa makina amodzi, mumasinthana mpira umodziumodzi mpaka gemu itatha, kenako mapointi a mpikisano amaperekedwa potengera malo amene mwathera. Kagawidwe kofala n'kakuti woyamba amatenga 7, wachiwiri 5, wachitatu 3, wotsiriza 1. Kaya woyambayo wakusiyani ndi mapointi a pamakina mamiliyoni 500, kaya ndi 10 okha, ngati mwathera pachiwiri kusiyana kwanu ndi mapointi awiri basi. Ndime iliyonse ikatha kompyuta imapanga magulu atsopano, ndipo m'mipikisano yambiri imakumanitsa anthu amene mapointi awo ayandikana. Ndiye kuti m'ndime zoyambirira mutha kukumana ndi zimphona, koma dzuwa likamapendeka mudzakhala mukulimbana ndi anzanu a luso longa lanu. Mpikisano wa Pinburgh wa ku Pittsburgh, umene mu 2019 unali ndi osewera 1,000, unkayenda motere: zotsatira za tsiku loyamba zinkagawa anthu m'zigawo molingana ndi mmene asewerera, ndipo chigawo chilichonse chinali ndi ndime yake yotsiriza ndi mphoto zake. Munthu wamba ankakhala ndi choti alimbirane mpaka kumapeto, n'chifukwa chake anthu ankaukhamukira chotero.

Wa ma strike nawonso si woipa kwa woyamba. Mukathera kumunsi kwa gulu lanu amakulembani strike, ndipo akakwana amene anaikidwa, nthawi zambiri atatu, mwatuluka. Mutha kutuluka msanga, koma tsiku lonse limatsala m'manja mwanu.

Umene muyenera kuchenjera nawo ndi wa best game. Mumasewera nokha, wolemba amalemba mapointi anu, ndipo amawayerekeza ndi a anthu onse amene asewera makina omwewo. M'malo ambiri amakulolani kugula mwayi woyesanso kangati konse mungafune ndime yachipulula isanatsekedwe. Akadaulo amabwereza makina amodzi kambirimbiri mpaka atapeza gemu yabwino imodzi, pamene woyamba kumene amangothera ndalama ndi maola ali chiimire pamzere, chionetsero chonse chikumudutsa. Ngati ndi wokhawo umene ulipo, ikani malire a ndalama ndi a nthawi musanalowe m'holo, ndipo musawasunthe.

Dziwaninso kuti makina a mumpikisano sali ngati a m'holo ngakhale dzina litakhala limodzi. Bwalo la makina amakono limapendekeka pafupifupi madigiri 6.5, koma okonza mpikisano amakweza miyendo yakumbuyo kuti mpira uzitsika mothamanga. Amasuntha timizati ta pakamwa pa tinjira ta m'mbali timene timameza mpira, kapena kuchotsako labala, kuti tinjirato tiyasame. Mpira woonjezera amauzimitsa, ndipo chifundo chija chokubwezerani mpira ukagwa m'masekondi oyambirira amachifupikitsa kapena kuchichotseratu. Si nkhanza ayi. Kadaulo atapatsidwa makina ofewa atha kukhalapo ola lathunthu pa gemu imodzi, ndipo mpikisano sungathe. Choncho gemu yanu ikatha m'mphindi zitatu musathamangire kudziona ngati mwalephera, yang'anani kaye mapointi a anzanu.

Tsopano za kaseweredwe, ndipo apa ndi pamene ndikhalitsepo. Chimene chimasiyanitsa wodziwa ndi wosadziwa n'chimodzi: wodziwa amaimitsa mpira. Woyamba kumene amamenya mabatani onse awiri nthawi imodzi mpira ukangoyandikira, osadziwa kuti ma flipper onse awiri akakwera mpata wapakati umakula. Mpirawo ndi wachitsulo, kukula kwake mamilimita 27, kulemera kwake pafupifupi magalamu 80, ndipo mukaumenya mosalinga umakagunda chinthu n'kubwerera mwa njira imene simungaitchinge. Kumenya kulikonse kopanda cholinga ndi mpata wina woti mpira ukuthaweni. Wosewera mpira wamiyendo wabwino amayamba waukhazika pansi mpira, n'kudzutsa mutu, kenako n'kupatsira. Pa pinball n'chimodzimodzi.

Njira yoyamba ndi yokola mpira. Ukamabwera pang'onopang'ono, dinani batani osalisiya kuti flipper ikhale chokwera, ndipo mpira udzakhazikika pangodya yake. Mukatero nthawi ndi yanu. Pumani, werengani zimene sikirini ikunena, onani magetsi amene akuphethira pabwalo, sankhani komwe mukufuna kumenya. Mukasiya batani mpira umayamba kugubuduka kulowera kunsonga ya flipper, ndipo komwe upite kumadalira pamene mwaumenyera. Mukaumenya udakali pafupi ndi tsinde umakwera cha mbali yomweyo ya flipper kapena cha pakati, mukaudikira kufika kunsonga umaolokera kutali mbali inayo. Kulinga konse kwa pinball kwagona pamenepa, ndipo makina aliwonse ali ndi nthawi yakeyake imene mumaiphunzira m'mipira iwiri kapena itatu.

Njira yachiwiri ndi yovuta mumtima kuposa m'manja. Osewera amaitcha dead bounce. Mpira ukamatsika kulunjika pakati pa flipper imodzi, musakhudze batani lililonse. Udzadumpha pa labala n'kuolokera ku flipper inayo mphamvu zitachepa, ndipo kumeneko mutha kuukola. Thupi lonse lidzakuuzani kuti menyani, ndipo poyamba mudzataya mipira ingapo poyesa njirayi pa mpira wothamanga kwambiri kapena wogwera kunsonga. Komabe palibe luso lina limene lingakweze kaseweredwe kanu m'tsiku limodzi kuposa limeneli. Maluso ena ovuta ogwirira mpira, monga ma live catch, ma drop catch ndi ma post pass, amene mudzaone akadaulo akuchita asiyeni kaye, ndi a chaka chamawa.

Mkangano woti pinball ndi mwayi kapena luso si wa lero. Makina a m'zaka za m'ma 1930, monga Baffle Ball a kampani ya Gottlieb a mu 1931, analibe ma flipper. Munthu ankangoponya mpira n'kumaonerera, ndipo ena mwa makinawo ankalipira ndalama. Mu 1942 meya wa New York, Fiorello La Guardia, analetsa pinball monga juga, apolisi n'kumaphwanya makina ndi nyundo. Ma flipper anabwera mu 1947 pa makina a Humpty Dumpty, a Gottlieb omwewo, koma chiletsocho chinakhalabe mpaka 1976, pamene Roger Sharpe anasewera pamaso pa makhansala a mzindawo, nkumaneneratu komwe mpira upite, ndipo unapitadi komweko. Ndatchula zimenezi kuti mukaona munthu akupambana ndime ndi ndime musamati ali ndi mwayi. Imani kumbuyo kwake chapatali, muyang'ane ma flipper ake, osati mapointi. Mudzaona kuti nthawi yambiri samenya.

Kugwedeza makina n'kololedwa, ndipo ndi mbali ya masewerawa. Mpira ukamazengereza pakamwa pa kanjira ka m'mbali, kukankha pang'ono ndi zikhatho pa nthawi yake kumaubweza m'bwalo. Mlonda wake ndi tilt. Mkati mwa bokosi muli kachitsulo kolendewera pakati pa mphete yachitsulo, ndipo makina akagwedezeka kwambiri kachitsuloko kamakhudza mpheteyo. Makina amakono amachenjeza kaye, kawirikawiri kawiri, kenako ma flipper amafa, mpira umagwa, ndipo bonasi ya mpira umenewo, mapointi oonjezera amene amawerengedwa mpira ukatha, yapita. Pa makina ambiri akale a mawaya ndi ma relay palibe chenjezo, ndipo ena amathetseratu gemu yonse. Pa mpikisano tilt amaikhwimitsa. Kukankha kumodzi kwachidule kumapulumuka nthawi zambiri, chimene chimagwiritsa anthu ndi kugwedeza kobwerezabwereza, chifukwa kachitsuloko kamanka kakulendewera mokulirakulira. Kamapitirizanso kulendewera munthu atachoka, choncho amene wakutsogolerani akagwedeza mwamphamvu, dikirani pang'ono musanaponye mpira wanu. Palibe amene angakudzudzuleni.

Malamulo amene mipikisano yambiri imatsatira ndi a bungwe la IFPA, International Flipper Pinball Association, ndipo amene amakola oyamba kumene ndi ochepa. Lalikulu ndi kusewera mpira wa mnzanu. Musanagwire plunger, kandodo kokoka koponyera mpira pabwalo, yang'anani pa sikirini kuti ndi wosewera wachingati amene akuyembekezeredwa, chifukwa mukasewera nthawi isali yanu mumapatsidwa ziro pa gemu imeneyo. Chimodzimodzi mukagwedeza makina mwaukali mpira wanu utagwa kale, tilt n'kukagwera mpira wa wotsatira. Mpira ukadutsa kale kanjira ka m'mbali kapena pansi pa ma flipper, kuubweza pomenya kapena kukankha makina mwamphamvu n'koletsedwa, ngakhale muone ena akuchita m'holo. Mukapata mpira woonjezera pa makina amene sanathe kuuzimitsa, kawirikawiri lamulo n'lakuti muuponye osaumenya, koma werengani kapepala kamene amamata pa makinawo. Mpira ukakakamira penapake, kwezani dzanja muitane woyang'anira mpikisano, iye adzatsegula galasi n'kuuika pa flipper kapena pa plunger. Mukayesa kuumasula nokha n'kuchita tilt, mlandu ndi wanu. Ndipo munthu akamasewera salangizidwa, salankhulitsidwa, satsamiridwa makina ake. Pa chilichonse chimene mukukayika funsani woyang'anira musanachite, paja safunsa anadya phula. Muwauzenso a m'gulu lanu kuti aka n'koyamba. Ambiri adzakuuzani m'mawu awiri chimene chimalipira pa makinawo gemu isanayambe, ngakhale mukupikisana nawo.

Makina amene mudzawapeze ali m'mibadwo, ndipo kuizindikira kudzakuthandizani. Akale kwambiri, a mawaya ndi ma relay, amene osewera amawatcha ma EM, mudzawadziwa ndi manambala ozungulira pa timawilo ndi kulira kwa mabelu. Ambiri amapereka mipira isanu, malamulo ake onse amakwana pa kakhadi ka pakona yapansi, ndipo ena ali ndi ma flipper aafupi a mainchesi awiri, poti aatali a mainchesi atatu anayamba kufala kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Pa amenewa kuponya koyamba n'kofunika kwambiri: osangokoka plunger mpaka kumapeto, yesani mphamvu kuti mpira ulowe m'kanjira kapamwamba kamene kayaka. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunabwera a ma chip, monga Gorgar a mu 1979, oyamba kulankhula, ndi Black Knight a mu 1980 a bwalo losanjikiza. Pa m'badwo umenewu mapointi ambiri amabisala mu bonasi ndi zochulukitsa zake, choncho tilt imapweteka koposa. A m'zaka za m'ma 1990, monga Attack from Mars a mu 1995 ndi Medieval Madness a mu 1997, ali ndi sikirini ya timadontho ndi malamulo ozama. Kampani ya Williams, imene inkapanga amenewa, inasiya pinball mu 1999, ndipo kwa zaka zoposa khumi Stern inatsala pafupifupi yokha pa makampani aakulu. A masiku ano a Stern ndi a Jersey Jack ali ndi malamulo amene munthu angawaphunzire miyezi.

Ngati mwapatsidwa mwayi wosankha makina, sankhani akale. Pa amakono kadaulo amakuposani kawiri, m'manja ndi m'mutu, chifukwa amadziwa dongosolo loyambira zigawo kuti mapointi achulukane. Pa EM chodziwa n'chochepa, mipira ndi yaifupi kwa aliyense, ndipo woyamba kumene wodekha atha kugonjetsa munthu wa dzina. Mukagwera pa amakono amene simukuwadziwa, musayese kumvetsa zonse. Funani njira yoyambitsira multiball, kusewera mipira ingapo nthawi imodzi. Njirayo nthawi zambiri ndi kutsekera mipira itatu pamalo amene alembedwa kuti lock, ndipo menyani chimene chikuphethira.

Ku mbali ya arcade, kumene mukuti munayambira, mipikisano yake imakhala yosavuta kulowa. Yambiri ndi ya mapointi apamwamba: makina angapo osankhidwa, aliyense amasewera, wolemba n'kulemba. Nawonso amasinthidwa ndi timaswichi ta mkati kuti miyoyo ikhale yochepa kapena gemu ilimbe, choncho Galaga imene mukuikumbukira itha kukulandirani mwaukali. Magemu amenewa mwayi ndi wochepa kuposa pa pinball, chifukwa amapindulitsa woloweza. Pac-Man ya Namco ya mu 1980 ili ndi malire a mapointi, 3,333,360, ndipo imathera pa gawo la 256 pamene theka la sikirini limasokonekera. Donkey Kong ya Nintendo ya mu 1981 imathera pa gawo la 22, pamene cholakwika cha m'kawerengedwe ka nthawi chimapha wosewera m'masekondi ochepa. Anthu amene amafika kumeneko anathera zaka pa gemu imodzi, ndipo simungawapeze m'masiku awiri. Koma mukamva phokoso loti wina wayandikira gawo lotsiriza la Donkey Kong, siyani zimene mukuchita mukaonerere. Mpikisano wa Street Fighter II kapena magemu ena omenyana awiriawiri ndi wachangu, mukagonja mwagonja m'mphindi zochepa, ndiye sungakudyereni tsiku.

Pa nthawi yanu yaulere m'holo, ine ndingayambe ndi makina amene kompyuta yakunyumba singawatsanzire bwino. Asteroids ya mu 1979 ndi Tempest ya mu 1981 zili ndi sikirini yojambula mizere yowala mwachindunji, ndipo kuwala kwa chipolopolo cha Asteroids pa galasi lenileni simungakuone pa foni. Tempest imaseweredwa ndi kachitsulo kopota, Centipede ndi Missile Command ndi mpira wogubuduza ndi chikhatho. Masikirini ojambula mizere aja sapangidwanso, ndipo chaka ndi chaka amoyo akucheperachepera.

Kagawidwe ka masiku kakhale kotere ngati ndandanda ikulola. Tsiku loyamba fikani zitseko zikungotsegulidwa, chifukwa ola loyamba ndi lokhalo limene makina otchuka amakhala opanda mzere. Zungulirani holo yonse kamodzi, kenako sankhani makina amodzi opanda anthu, makamaka a m'ma 1980, mukhalepo theka la ola mukuyesa kukola mpira ndi dead bounce osasamala za mapointi. Ngati mndandanda wa makina a mumpikisano watulutsidwa, funani anzake a dzina lomwelo m'holo muwalawe, poti a mumpikisano enieniwo nthawi zambiri saloledwa kuyeserapo. Mpikisano ukhale wa tsiku limodzi lokha. Pa zionetsero zazikulu, monga Pinball Expo ya kudera la Chicago imene inayamba mu 1985, kapena Texas Pinball Festival ya ku Frisco, kumakhalanso zokambirana zimene opanga makina amalankhula okha, ndipo imodzi mwa izo ndi yoyenera ola lanu, miyendo n'kupumirako.

Miyendoyo muiganizire, mudzaima maola ambiri pa simenti. Phokoso la makina mazana olira pamodzi limatopetsa kuposa mmene mungaganizire, choncho tengani zotseka m'makutu. Kumbukiraninso kuti makina ambiri a m'holo ndi a anthu wamba amene awanyamula kuchokera kunyumba kwawo, ena atawakonza kwa zaka. Chakumwa sichiikidwa pa galasi. Batani loyambira lidineni kamodzi, chifukwa kudina kulikonse kumaonjezera wosewera, ndipo gemu ya anthu anayi yosiyidwa panjira imazunza wobwera pambuyo. Kumbuyo kwanu kukakhala anthu, gemu imodzi ikatha apatseni mpata, kapena afunseni ngati angalowe nanu, ndi mmenenso anthu amadziwirana kumeneko. Makina akafa musawamenye kapena kuwatsegula, auzeni okonza amene amayendayenda m'holo. Kumbuyo kwa sikirini yakale kuli magetsi amphamvu amene amakhalamo ngakhale makina atazimitsidwa.

Ngati mpikisano wanu ndi wovomerezeka ndi IFPA, zotsatira zikatumizidwa dzina lanu lidzalowa pa mndandanda wa osewera a dziko lonse, ndipo mudzapatsidwa nambala yanu imene muzidzalembetsera mipikisano ina. Pa chifukwa chimenechi lembetsani ndi dzina lanu lolondola, ndipo gemu iliyonse ikatha onetsetsani kuti malo amene mwathera alembedwa bwino musanachoke pa makina, chifukwa wina akayambitsa gemu yatsopano umboni umafufutika. Ndime yachipulula ikatha musathamangire kutuluka. Mipikisano yambiri imakhala ndi ndime yotsiriza ya chigawo chachiwiri kapena ya oyamba kumene, imene akadaulo a pamwamba pa mndandanda saloledwa kulowa, ndipo amene waitanidwa dzina koma palibe, malo ake amapita kwa wotsatira. Funsani woyang'anira nthawi imene adzaitane maina, ndipo mukhale pomwepo mphindi khumi isanakwane.